Mamausi akungofa, kiyibodi ikukana mabatani atatu, ndigule zotani?

Kagemu
Akuluakulu ndithandizeni, ndatopa nazo. Pamalo panga pa magemu mamausi akungofa ngati nkhuku za chitopa. Batani lakumanzere likuyamba kudina kawiri lokha, munthu akuti akoke chinthu chikutayika panjira, mu gemu yowomberana ya CS2 (Counter-Strike 2) akuti awombere mosalekeza mfuti ikudukiza. Ena kawilo kakulumpha, ukamatsitsa iko kakukwera. Makiyibodi nawonso, ukagwira W ndi Shift n'kuwonjezera Space, Space sikumveka, munthu sakudumpha. Ndiye anyamata akumati makompyuta anga ndi ofooka pomwe ma FPS, zithunzi zimene kompyuta ikutulutsa pa sekondi, ali bwinobwino. Zomwe zilipo ndi zija za seti, mausi ndi kiyibodi m'bokosi limodzi, pabokosi analemba 7200 DPI (kutalika komwe cursor imayenda mausi ikasuntha) ndi anti-ghosting (kuti mabatani angapo azimveka pamodzi). Ndikufuna ndichotse zonse pakamodzi. Chomwe chingapirire manja a anthu ambiri tsiku lonse ndi chiti? Ya waya kapena yopanda waya? Kiyibodi ya mechanical, ya swichi pa batani lililonse, kapena ndikhalebe pa membrane, ya mphira pansi pa mabatani? Za magetsi a RGB musandiuze chonde.

Madala_Waya
Mwana wanga, gulani kiyibodi wamba ya mu ofesi, ya membrane, yakuda, yopanda magetsi. Mausi chimodzimodzi. Ikafa mwataya, mwaika ina. Pamalo pomwe pamakhala aliyense simuikapo chinthu chomwe mtima ungakupwetekeni chikawonongeka. Ine ndayendetsa malo otere kuyambira nthawi ya mamausi a kampira pansi, ndikudziwa chomwe ndikunena.

Wowotcherera
Achimwene a Kagemu, mavuto anu ndi awiri osiyana, musawaphatikize.

Kudina kawiri ndi swichi. Mkati mwa kaswichi kaja muli kachitsulo kopyapyala kamene kamagunda pa contact. Kakagunda kamanjanja pang'ono kasanakhazikike, ndipo firmware, kapulogalamu ka mkati mwa mausi, imanyalanyaza kunjanjako kwa ma millisecond ochepa, ija timati debounce. Contact ikayamba kutha kapena kuchita dzimbiri, kunjanja kumatalika kupitirira nthawi ija, kompyuta n'kuwerenga kawiri. Ndiye mausi yonse ili moyo, chafa ndi kanthu ka miyendo itatu basi. Matulani mapazi a pansi aja pang'onopang'ono, masikuluwu amabisala kumeneko, chotsani swichi ndi chowotcherera, ikani ina. Za Omron D2FC, za Kailh, za Huano, zambiri miyendo yake imafanana. Contact cleaner amathandiza koma kwa kanthawi kochepa, musamudalire. Ndipo zija amalemba kuti 20M kapena 50M, kutanthauza kudina ka mamiliyoni 20 kapena 50, ndi chiwerengero cha makina oyesera kufakitale, kumene kulibe thukuta, fumbi, kapena mnyamata womenya mausi patebulo akaphedwa.

Pa kawilo, ndi encoder, yowerenga kuzungulira kwake, yadzaza fumbi ndi litsiro la m'manja. Ipopereni, ikakana isintheni, koma yezani kutalika kwake kaye chifukwa zimasiyana, ina 9mm ina 11mm.

Koma kunena zoona, mausi ya m'seti sindingataye nthawi kuiwotcherera. Sensa yake ndi yomwe ili vuto lalikulu.

Sisi_Sensa
Pa sensa pomwepo. Nambala ya DPI pabokosi isakunamizeni achimwene. Sensa zotchipa zimangochulukitsa nambala ndi masamu, sikuti zikuona bwino ayi. Osewera magemu owomberana ambiri amakhala pa 400, 800 kapena 1600, ndiye 7200 mukaitani nayo? Chofunika ndi chakuti sensa isasochere dzanja likathamanga. Yesani chonchi: lowani mu gemu, tsitsani sensitivity, kokani mausi mwamphamvu kuchoka mbali ina ya padi kufika ina. Ikakhala yachabe muona munthu wanu wayang'ana pansi kapena kumwamba mwadzidzidzi. Wosewera akaona zimenezo amati kompyuta yachita lag.

Funani mausi imene opanga ake atchula dzina la sensa poyera. PixArt PMW3360 ndi yakale koma mpaka lero ilibe chifukwa, imatsata mpaka 250 IPS, mainchesi 250 pa sekondi. 3389, 3395, kapena HERO ya Logitech, zonsezo zili bwino. Bokosi likangoti "gaming sensor" osatchula nambala, lisiyeni pomwepo. Laser pa padi ya nsalu ayi, tengani optical.

Komanso musanagule kanthu, pitani mu Windows pa kompyuta iliyonse muchotse Enhance pointer precision, kotsetsereka ka liwiro la cursor kaja kakhale pakati, pa 6. Magemu amene amatenga raw input, kuwerenga mausi mwachindunji osadzera masetingi a Windows, sizimawakhudza, koma ena zimawakhudza.

Madala_Waya
Zonsezi n'zabwino kwa munthu amene ali ndi kompyuta yake kuchipinda. Pano tikunena za malo a anthu onse. Wina adzabwera ndi chakumwa, n'kuchitayira pa mechanical yanuyo, madzi alowa mpaka pa bolodi chifukwa pansi pa mabatani ndi poyasamula. Membrane ili ndi mphira uja, umaimasula, kutsuka, kuyanika, mawa ikugwira ntchito. Ya mu ofesi basi.

Wowotcherera
Madala, ya mu ofesiyo ndi imene ili ndi vuto lenileni lomwe a Kagemu akudandaula. Mabatani a membrane amalumikizidwa m'mizere ndi m'mizati, popanda diode pa batani lililonse. Ukadina atatu amene akhala pa ngodya zitatu za kabokosi ka mizere ndi mizatiyo, bolodi imaona ngati lachinayi ladinidwanso. Pofuna kupewa zimenezo opanga amangotseka lachitatulo kuti lisamveke. Polemba kalata palibe amene amagwira atatu nthawi imodzi, koma mu gemu W, Shift ndi Space ndi zamphindi iliyonse. Ndipo mawu akuti anti-ghosting nthawi zambiri amangotanthauza kagulu ka mabatani ochepa amene anawakonza, osati onse. Chomwe mufune ndi NKRO, yomva mabatani onse nthawi imodzi, kapena 6KRO yeniyeni, yomva asanu ndi limodzi. Zisanu ndi chimodzi zimakwana, chifukwa pa USB Shift, Ctrl ndi Alt amawerengedwa padera.

A Kagemu, kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani keyboard tester iliyonse, gwirani W, A, Shift, Space, Ctrl, R pamodzi, muone ngati onse ayaka. Gulani imodzi kaye, iyeseni, kenako mugule zotsalazo. Ndipo chenjerani ndi zolembedwa "mechanical feel", imeneyo ndi membrane yomweyo yaikidwa mabatani aatali. Zulani batani limodzi muone ngati pansi pali swichi ya kamtanda.

Kagemu
Ndayesa pa tester, W Shift Space akukanadi, W D Space akumveka. Ndiye ndi kiyibodi. Nanga za waya bwanji? Anyamata akulimbikira zopanda waya ati ndi zomwe ma pro akugwiritsa.

Mjomba_LAN
Ayi ayi ayi, zopanda waya pamalo a anthu musayerekeze. Ine ndinaikapo pa makina a kutsogolo kuti pazioneka bwino. Mausi inalowa m'thumba la munthu, ka dongle, kolandirira kake ka USB, kanatsala kumbuyo kwa kompyuta. Ina mausi inatsala, ka dongle n'kupita, sindikudziwa kuti wotengayo ankati akatani nako. Mapeto ake unali mulu wa zinthu zosagwirizana m'dirowa. Onjezani za mabatire, munthu ali pakati pa gemu mausi yazima, akufuna umubwezere nthawi yake yonse. Pa liwiro lokha, yopanda waya ya 2.4GHz, ija ya ka dongle, ya masiku ano ilibe vuto, zimenezo anyamatawo akunena zoona. Bluetooth ndiye yochedwa, si ya magemu. Koma ngakhale 2.4GHz yomweyo, ka dongle mukakaika moyandikana ndi doko la USB 3.0 lomwe likugwira ntchito, kamasokonezeka, cursor n'kumadumpha. Inu tengani za waya, chingwe chidutse pa bowo la tebulo, muchimange ndi cable tie kunsi, musiye chotsala chokwanira kuti dzanja lisakokedwe. Ndipo lowetsani kumbuyo pa motherboard, osati pa hub yotchipa.

Tsiku lina ndidzakufotokozerani za mnyamata amene anabwera ndi mausi yake yakufa ya mtundu womwewo n'kusinthanitsa. Kuyambira pamenepo ndimalemba nambala ya makina pansi pa chilichonse ndi chowotcherera chotentha.

Sisi_Sensa
Pa kaumbidwe, musatenge zija zopindikira kudzanja lamanja, zazikulu, za mabatani khumi m'mbali. Kumabwera ana a manja aang'ono, kumabwera amanzere, wina amagwira ndi chikhatho chonse, wina ndi nsonga za zala. Yofanana mbali zonse, yapakatikati, mabatani awiri m'mbali, yopepuka. Ndipo kabatani ka DPI kaja kali kuseri kwa kawilo kadzakuvutitsani, munthu amakagunda osadziwa n'kuyamba kukuwa kuti mausi yapenga. Tengani yokhala ndi onboard memory, muike 800 yokha kapena 800 ndi 1600, musunge mkati mwa mausi momwemo. Ngati makina anu amabwerera pakale mukawazimitsa, masetingi a mu pulogalamu amafufutika koma a mkati mwa mausi amakhala.

Ngati thumba likulola, za optical switch zimathetsa nkhani ya kudina kawiri, chifukwa mulibe zitsulo zogundana, ndi kuwala kumene kumadulidwa. Razer anayamba kuziika mu Viper mu 2019, pano ambiri ali nazo. Palinso ROG Gladius ya ASUS imene maswichi ake umangozula n'kulowetsa ena osawotcherera. Koma samalani ndi zafeki, mitundu yotchuka ndi imene amaikopera kwambiri. Yeniyeni pulogalamu ya kampani yake imaizindikira mukailowetsa.

Madala_Waya
Ndipo mabatani a mechanical amazuka ndi chala chabe. Mudzapeza W palibe, Esc palibe. Mukati hot-swap, ya maswichi ongozula osawotcherera, ndiye aba ndi swichi yomwe. Ndanena kale, ya mu ofesi.

Wowotcherera
Swichi ya hot-swap sizuka ndi chala madala, imafuna kopanira kake. Mabatani inde amazuka, n'chifukwa chake mumasunga seti imodzi yapadera. Ubwino wake ndi woti W, A, S, D ndi Space ndi zomwe zimayamba kufa, ndiye mumasintha swichi imodzi kasitomala ali chiimire, kiyibodi yonse osataya. Chenjezo langa ndi pa masoketi. Mabolodi ena otchipa ali ndi timachubu topapatiza timene timalola maswichi a miyendo yopyapyala okha, a mtundu wa Outemu. Mukakakamiza ya Gateron kapena Cherry mupinda mwendo kapena kuzula soketi. Onaninso ngati bolodi ndi ya 3-pin kapena 5-pin. Polowetsa, mwendo ukhale wowongoka, musakanikize mwamphamvu, soketi ikamatuka kuseri ndiye ntchito yabwerera kwa ine.

Swichi tengani red, linear (yotsika myaa osagunda panjira), yofuna mphamvu ya 45g kuti idinike, imamveka ikatsika 2mm. Blue, zija zolira ukadina, musayese, chipinda chonse chikamalira nthawi imodzi simudzamvana. Mabatani akhale double-shot, a zilembo zoumbidwa mu pulasitiki momwemo, makamaka a pulasitiki ya PBT. A pulasitiki ya ABS opaka utoto aja zilembo zimafufutika, WASD n'kusanduka madontho oyera owala.

Dolo_wa_Aim
Inu nonse mukukamba zakale. Panopa ndi makiyibodi a Hall effect, a maginito, okhala ndi rapid trigger (batani limamveka likangoyamba kutsika kapena kukwera), ngati za kampani ya Wooting. Mausi 8000Hz, yotumiza uthenga ku kompyuta ka 8000 pa sekondi. Bwana ikani zimenezo anthu adzadzaza okha.

Sisi_Sensa
Aise, 1000Hz ndi 1ms kale. 125Hz ya mausi ya mu ofesi ndi 8ms, pamenepo kusiyana kumamveka m'dzanja. Kuchoka pa 1000 kupita 8000 ukupindula kachidutswa ka millisecond, kwinaku ukulemetsa CPU, pa makina akale gemu imayamba kudukiza. Ndipo ngati monita ndi ya 60Hz, chithunzi chilichonse chikutenga 16.7ms, ndiye ukuthamangira chiyani? Rapid trigger payokha ndi yololedwa, koma zija za Snap Tap ndi SOCD, zoti kiyibodi isankhe yokha ukagwira A ndi D pamodzi, Valve, eni gemuyo, inaziletsa mu CS2 mu Ogasiti 2024, ukazisiya zoyaka umatulutsidwa mu gemu. Taganiza kasitomala watulutsidwa pa akaunti yake chifukwa wina amene anakhalapo m'mawa anayatsa zimenezo. Mlandu ukhala wa mwini malo.

Mjomba_LAN
Pa kukula kwa kiyibodi palibe wanenapo. TKL, yopanda numpad (mabatani a manambala akumanja aja), imasiya malo a mausi, matebulo athu ndi opanikizana, ndimaikonda. Koma dziwani kuti a GTA V amaulutsa ndege ndi numpad, adzadandaula, pokhapokha muwasinthire mabatani mu masetingi. Yaing'ono ija ya 60% ayi, ilibe mivi ilibe ma F, tsiku lonse muzingoyankha kuti Fn ili pati. Ndipo padi musaiwale, sensa yabwino pa tebulo lonyezimira kapena pa padi yonona ndi thukuta imasocherabe.

Madala_Waya
Chabwino, ngati mukukana ya mu ofesi, tengani membrane ya magemu yopirira madzi otayikira pang'ono, ngati Apex 3 ya SteelSeries ili ndi IP32, mlingo wopirira madontho a madzi. Koma membrane. Mechanical pamalo a anthu onse mudzalira nayo. Ine mawu anga ndi omwewo.

Kagemu
Ndamva akuluakulu. Mamonita ndi a 60Hz onse kupatula awiri. Ndiye kodi ndiyambe mamonita kapena makiyibodi? Ndalama sizikwana zonse.

Dolo_wa_Aim
Monita bwana. 144Hz ukaiona kamodzi subwereranso.

Wowotcherera
Munthu amene sakutha kudumpha sasamala za 144Hz. Yambani ndi chomwe chikukana kugwira ntchito. Komanso mukagula mamonitawo onani ngati makadi anu angatulutse ma FPS ofika pamenepo, ndi chingwe chomwe, HDMI zina zakale zimakutsekerani pa 60.

Mjomba_LAN
Pa nkhani ya mapadi ija, alipo amene amawachapa? Anga akumatuka m'mphepete ndikangowaviika, nsalu ikusiyana ndi mphira. Kapena ndi madzi otentha akuchititsa?

Sisi_Sensa
Madzi ofunda pang'ono ndi sopo wochepa, osapotokola, muyanike pamthunzi. Ogula ulendo wina tengani osokedwa m'mphepete.

Madala_Waya
A Kagemu, kaya mwagula ziti, chakumwa chisamafike patebulo. Ikani shelefu pakhomo.