Ndalama zikudulidwa mu akaunti yanga m'dzina la yunivesite, ndiyambire pati?

Membala wosatchula dzina:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito yam'nyumba ku Randburg ndipo ndikuphunzitsa mwana wa malemu achemwali anga pa yunivesite ina kuno ku Joni. Fizi yambiri ndinalipira pamene ankalembetsa, yotsalayo tinagwirizana kuti azidula mwezi ndi mwezi. Koma pa sitetimenti ya mwezi uno R1 850 yachoka kawiri tsiku limodzi, kenako pali R420 yolembedwa zilembo zachidule, mkati mwake muli dzina la sukuluyo. Mwana akuti sanagule kanthu. Ku ofesi ya zachuma foni imangolira. Kodi ndipite ku banki akabweze zonse? Imeneyi inali ya renti, mutu waima.

Achimwene a ku Turffontein:
Pepani mayi. Bwezani lero lomwe pa app ya banki. Kuno ukagona ndalama zimapita.

Mayi a ku Rosettenville:
Achimwene, musawathamangitse. Achemwali, mukabweza zonse mosaona, ku sukulu ziwoneka ngati simunalipire, ndiye mwana akhoza kumanidwa zotsatira za mayeso kapena kukanizidwa kulembetsa chaka chamawa chifukwa cha ngongole. Choyamba muuzeni alowe pa student portal atulutse fee statement yake. Pepala limenelo limaonetsa chilichonse chomwe sukulu yamulipiritsa ndi ndalama iliyonse yomwe yalandira. Muliyike pambali pa sitetimenti ya ku banki, muyerekeze tsiku ndi tsiku.

Muonenso kuti ndalamazo zinachoka bwanji, chifukwa njira zake n'zosiyana. Ngati ndi debit order wamba, yoti sukulu imadula yokha mu akaunti yanu, ndipo masiku omwe banki imapereka odandaulira sanathe, banki imabweza mosavuta. Ngati ndi DebiCheck, imene munavomereza nokha pafoni kapena pa ATM, banki ili ndi mgwirizanowo ndipo siingabweze ndalama yogwirizana ndi zomwe munavomera. Koma munavomera kamodzi pamwezi, osati kawiri, ndiye yachiwiriyo muli ndi pogwira. Ngati inachoka pa khadi, imeneyo ndi nkhani ina, mumadzaza fomu ya dispute, yotsutsa ndalama yomwe yachokayo.

Wophunzira wa ku Braamfontein:
Amayi, ndiwonjezereko. Ife a m'maiko a SADC fizi ya maphunziro timalipira ngati eni dziko, malinga ndi pangano la zamaphunziro la 1997, koma mayunivesite ambiri amaikapo ndalama ina ya ophunzira ochokera kunja, pachaka. Palinso medical aid, inshulansi ya kuchipatala, imene study visa siituluka popanda iyo, ndipo imeneyi imapita ku kampani ina, osati ku sukulu. Tindalama ting'onoting'ono ngati R420 nthawi zambiri timakhala ta chindapusa cholipira mochedwa, khadi la sukulu lotayika, mabuku a ku laibulale kapena kusindikiza mapepala. Mumufunse mwanayo modekha, ena amachita manyazi kunena.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Wanditumizira pepalalo pa WhatsApp. R1 850 ikuoneka kamodzi kokha, yachiwiriyo palibe. R420 palibiretu, ndipo pa app akuti inachoka pa khadi. Mwanayu ndimamudziwa, sanganame pa ndalama.

Mayi a ku Rosettenville:
Ndiye zaoneka poyera. Ya R1 850 yachiwiriyo lembani imelo ku ofesi ya zachuma, muikemo student number, tsiku, ndi mapepala onse awiri. Mufunse kuti mwina ili pa akaunti yawo koma sinalowe m'dzina la mwana. Zimachitika nambala ikalakwika. Mwana apitenso yekha pa kauntala, nkhope ndi nkhope zimayenda msanga kuposa foni. Akachedwa kuyankha musadikire masiku aja athe, kabwezeni yachiwiri yokhayo ku banki, muwadziwitse a sukulu polemba.

Ya R420 ndiyo ikundidetsa nkhawa. Ndalama yochoka pa khadi, yosaoneka ku sukulu, mwina wina ali ndi manambala a khadi lanu. Litsekeni pa app usiku uno, mawa mukatenge lina, mukadzaze dispute, ndipo musachoke asanakupatseni reference number, nambala ya dandaulo lanu. Wina akakuimbirani kuti ndi wa ku banki akufuna PIN kapena OTP (nambala yachinsinsi yomwe banki imatumiza pafoni) kuti akubwezereni, dulani foni.

Achimwene a ku Turffontein:
Apo ndamva, mayi. Ndipo banki ikakana kapena kungokhala chete, pali National Financial Ombud, ofesi yomva madandaulo okhudza mabanki, imene inayamba mu 2024. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, koma amafuna muyambe mwadandaula ku banki kwanu, ndiye nambala ija isungeni bwino.

Membala wosatchula dzina:
Khadi ndatseka. Funso lina abale: poti khadi lasintha, kodi R1 850 ya mwezi wamawa idzadulidwabe, kapena ndikawauze a sukulu?

Mayi a ku Rosettenville:
Idzadulidwa, debit order imatsata nambala ya akaunti, osati khadi. Mungoonetsetsa kuti tsikulo ndalama ilimo, kupanda kutero banki idzakulipiritsani chindapusa.