Madzi achepa pa masabata 32, mayi akuti nsupa sinasweke

Mzamba wa pachipatala chaching'ono: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Kusikelo lero kwabwera mayi wa mimba yachiwiri, masabata 32 malinga ndi sikani yomwe anajambulitsa mimba ili yaing'ono. Ndayeza ndi tepi, yangokwana 27 cm. Pogwira, ziwalo za mwana zikumveka pafupi kwambiri. Pa sikani, malo akuya kwambiri a madzi ozungulira mwana ndi 1.4 cm. Mtima wa mwana 144, BP 118/76. Iwo akuti nsupa sinasweke. Apongozi awo akufuna azipita, akuti kunyumba azikamwa madzi ambiri.

Kiliniko ofesa: Asisita, mayiyo asapite. Pansi pa 2 cm ndiye kuti madzi achepadi. Kumwa madzi si koipa, koma sikutiuza chimene chawachepetsa. Pa msinkhu umenewu madzi ambiri amakhala mkodzo wa mwana. Ndiye mwina akutayika, kapena mwana sakukodza mokwanira chifukwa nsengwa sikumupatsa magazi okwanira, kapena impso zake zili ndi vuto. Mwayeza malungo ndi mkodzo? BP muibwerezenso.

Sisita wa ku labour ward: Ine ndiyambe ndi nsupayo. Mukafunsa kuti "nsupa yasweka?" mayi amaganiza za madzi okhuthuka mpaka kunyowetsa mphasa. Akamangodontha pang'onopang'ono amayesa mkodzo kapena chikazi, ndipo pamaso pa apongozi sangatchule. Atulutseni kaye apongoziwo. Funsani ngati kabudula wamkati akumanyowa, akumasintha kangati, ndiponso ngati madziwo akununkha. Kenako agone, muike speculum (chipangizo choonera khomo la chiberekero) yoyera bwino, atsokomole, muone ngati madzi akutuluka pakhomo la chiberekero. Zala musalowetse, chonde, mungamulowetsere matenda mwanayo.

Wa ku pharmacy: Muwafunsenso zimene akumwa. Ambiri msana ukawawa amagula brufen kapena diclofenac pagolosale. Mankhwala amenewa, mimba ikadutsa masabata 20, amachepetsa mkodzo wa mwana. Enalapril ndi captopril, mankhwala a BP, nawonso amaononga impso za mwana.

Mzamba wa pachipatala chaching'ono: Asisita, munalondola. Titatsala awiri anena kuti chinyezi chinayamba Lamlungu, ankachita manyazi. Pa speculum madzi oyera aonekadi. Thupi silikutentha, 36.8, mimba sikuwawa, fungo palibe. Malungo alibe, mankhwala ogula sakumwa. Mwana akusewera.

Sisita wa ku labour ward: Ndiye nsupa yasweka masiku asanakwane. Pomuteteza ku matenda, yambani erythromycin 250 mg kanayi pa tsiku, masiku 10. Co-amoxiclav ayi, amaika matumbo a mwana wosakwana masiku pachiopsezo. Imbani kuchipatala cha boma tsopano lino.

Kiliniko ofesa: Poimbapo mugwirizane za dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana, 6 mg jakisoni wa pamnofu maola 12 aliwonse, kanayi. Masabata ndi otsimikizika, ndi osakwana 34, ndipo zizindikiro za matenda m'chiberekero palibe, choncho akuyenera. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mchombo. Madzi akachepa umapanikizika, mtima wa mwana nkumatsika, makamaka ululu wobereka ukayamba. Mwana wagona bwanji? Ngati wapingasa kapena watsogoza matako, mchombo ungathe kutsogola.

Namwino wophunzira: Pepani akuluakulu, mapapo ake sakhala opinimbira? Tinaphunzira choncho.

Kiliniko ofesa: Zimenezo, pamodzi ndi kupindika kwa mapazi, zimaopsa madzi akatha msanga, masabata 24 asanakwane, mapapo akadali kupangika. Pa 32 tikuopa matenda, mchombo ndi kubadwa masiku osakwana.

Mzamba wa pachipatala chaching'ono: Watsogoza mutu. Kuboma avomera, jakisoni woyamba ndabaya, nthawi yake ndalemba m'buku lawo lakuchipatala. Apongozi ndawafotokozera, avomera kupita nawo ngati gadiyani. Ambulansi ikubwera.

Sisita wa ku labour ward: Podikirapo avale padi yoyera kuti muziona mtundu wa madzi. Akasanduka obiriwira, thupi likatentha kapena mtima wa mwana ukasintha, imbaninso pompo kuti ku theatre akonzeke.