Tala yadutsa, nanga umphawi bwanji sukuchoka kwathu?

Mlimi wa ku Chipangali:
Abale, ndithandizeni maganizo. Msewu wa Great East anaukonza bwino kuchokera pa ulalo wa Luangwa mpaka ku Mwami, ndipo mu 2022 a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula chipata chimodzi cha pamalire a Zambia ndi Malawi kuti malole asamachedwe. Zonsezi n'zabwino. Koma ine ndimalima nshawa ndi soya, ndipo pakati pa mudzi wathu ndi msewu waukulu pali kamtsinje kopanda ulalo. Mvula ikagwa masiku awiri, kanta siwoloka. Chaka chatha matumba anga 14 anakhala pakhonde mpaka venda anabwera pa njinga yamoto ndi sikelo yake, n'kutchula mtengo umene iye anafuna. Ndinagulitsa, nanga n'kutani, mwana amafuna nsapato ndi yunifomu. Tsono misewu ikuluikuluyi imathandiza ndani kwenikweni?

NaBanda wa pa msika wa Kapata, ku Chipata:
Achimwene, musaunyoze msewuwo. Ine ndimapikula tomato ndi anyezi ku Katete. Kale kreti imafika theka ili phala chifukwa cha maenje, ndiye phindu lonse limathera m'njira. Pano ndimanyamuka m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu ndayala kale pamsika. Ana anga awiri aphunzira ndi tomato ameneyu. Kungoti ine ndili pafupi ndi tala, inu muli kutali.

Amalume Tembo:
NaBanda wanena zoona, koma mawu ake omalizawo ndiye mutu wa nkhani. Mlimi sataya ndalama pakati pa Chipata ndi Lusaka, amazitaya pa makilomita ochepa oyambirira, pomwe katundu amayenda pa ngolo kapena pa njinga. Ogula akakhala asanu amapikisana, mtengo umakwera. Akakhala mmodzi, yemwe walimba mtima kuwoloka matope, mtengo ndi wake. Ndi kamtsinje komweko kamene kamaletsa ambulansi kufika, ndipo mphunzitsi wotumizidwa kumeneko akangotha temu imodzi amapempha kusamutsidwa.

Taonani njanji ya Chipata–Mchinji. Inatsegulidwa mu 2010 ndi chikondwerero chachikulu, akuti tiziyendetsa katundu mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique. Ine ndimakhala pafupi nayo, ndipo mbuzi ndazionapo kambiri kuposa sitima. Chinthu chikhoza kumangidwa ndithu, koma ngati palibe chokokera mbewu kuchokera kumidzi kudzafika pamenepo, chimangokhala. Komanso musaiwale kuti zambiri zimamangidwa ndi ngongole. Mu November 2020 dziko lathu la Zambia linalephera kulipira ngongole yake yakunja yotchedwa Eurobond, kwacha inafooka, ndipo amene anamva kuwawa pogula feteleza ndi inu nomwe a ku Chipangali.

Mnyamata wa chigayo, Lundazi:
Ine ndingowonjezera za magetsi. Atafika kwathu ndinasiya dizilo, mtengo wogayitsa ndinatsitsa, mnzanga anatsegula malo owotcherera zitsulo pambali panga. Koma chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi, tinkakhala tsiku lathunthu osagaya. Azimayi ankasiya ndowa zawo pamzere n'kupita kwawo.

Mlimi wa ku Chipangali:
Amalume, za mbuzizo mwandiseketsa. Nanga tichite bwanji, tidikire ulalo mpaka liti?

Amalume Tembo:
Musadikire, mphwanga. CDF, ndalama zimene boma limapereka zachitukuko cha m'madera, inakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo ntchito ngati zimenezi zimayambira ku komiti yachitukuko ya wodi. Pitani ndi anyakwawa, mulembe kuti ndi midzi ingati ndi ana asukulu angati amene amawoloka pamenepo. Mukapemphe ulalo weniweni, osati giredala yongopala dothi, chifukwa imeneyo mvula ya December ikangobwera mwabwerera pakale. Ndipo akayamba kumanga, mukhalepo wina wowerenga matumba a simenti.