Winchi ya hydraulic pa Cruiser: ndilumikize ku pampu ya steering kapena ndigule pampu yakeyake?

Wa_Cruiser_Chilomoni

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru mvula isanagwe. Ndili ndi Land Cruiser ya pikapu, injini ya 1HZ, yomwe ndimaperekera katundu wa m'magolosale ndi feteleza ku East Bank. Amene mumayenda msewu wochokera pa Thabwa kulowera ku Makhuwira ndi ku Fatima mukudziwa zomwe makande amachita mu January. Galimoto yolemedwa ikatitimira imakhala pansi ndi mimba, matayala n'kumangozungulira.

Winchi ya magetsi yomwe ndili nayo, makina okokera galimoto ndi chingwe ikatitimira, yanditopetsa. Imakoka pang'ono chabe, mota n'kutentha osagwirika, batire n'kufooka. Ndiye mukhale pansi kudikira kuti izizire, udzudzu wa ku Shire ukukudyani.

Tsopano ndapeza winchi ya hydraulic, yoyendera oyilo wokankhidwa ndi pampu, yogwirapo kale ntchito, ya Mile Marker, kwa mkulu wina wobwera nayo kuchokera ku Joni. Koma yabwera yokhayokha, yopanda valavu, yopanda mahosi. Makaniko wanga akuti tingoilumikiza ku pampu ya power steering basi. Mlamu wanga, yemwe amakonza mathirakitala, akuti pampu imeneyo ndi yaing'ono, ndiiwononga. Ndimvere ndani? Ndalama zomwe ndili nazo si zambiri, ndinene poyera.

Sipanala_Ndirande

Achimwene, onse awiriwo akunena zoona, aliyense mbali yake. Winchi za Mile Marker zinapangidwira dala kuti ziziyendera pampu ya steering. Zimafuna pressure ya 1,500 psi, yomwe ndi bar 100 ndi pang'ono, komanso oyilo wa malita pafupifupi 13 pa mphindi. Gwirani mfundo iyi: pressure ndiyo imapereka mphamvu yokokera, kuchuluka kwa oyilo ndiko kumapereka liwiro. Pampu yotopa ikamangofika bar 70, winchi izungulira bwinobwino pa galaja, koma m'matope iima chilili. Choncho musanagule kanthu, pitani kwa anthu okonza mahosi cha ku Makata kapena ku Ginnery Corner akaike geji yoyezera pressure, muone pampu yanu ikufika pati.

Kalumikizidwe kake ndi kotere. Hosi ya pressure ichoke ku pampu, ilowe kaye mu valavu ya winchi, kenako ipitirire ku steering box. Valavuyo ikhale ya open centre, yoti mukapanda kuikhudza oyilo azingodutsa. Mukaika ya closed centre, pampu izingokankha pakhomo potseka, oyilo awira, chiwongolero chiuma. Ndipo dziwiranitu kuti pokoka, chiwongolero chimalemera, chifukwa oyilo ndi yemweyo akugawana.

Kathanki ka steering ndi kakang'ono kwambiri, ndiye ikani kula (choziziritsa oyilo) yaing'ono kutsogolo kwa rediyeta, pa hosi yobwerera. Ku Chikwawa kumatentha kale, musamayembekezere kuti oyilo azizira yekha. Oyilo wake ndi ATF yemwe mumathira kale, musasakanize ndi wina.

Mahosi musagule odula pamsika n'kumanga ndi makilipi. Akhale a waya ziwiri mkati, ofinyidwa ndi makina. Hosi ikaboola pa bar 100, kamtsinje ka oyilo kamalowa pansi pa khungu, ndipo imeneyo ndi nkhani ya ku Queens, osati ya pulasitala. Pofufuza podontha gwiritsani katoni, osati chala.

MadalaWaDefender

Ine ndikhala kumbali ya alamu anuwo. Ya steering imakoka ndithu, tsiku lonse osatopa, koma kuchedwa kwake mpaka ana a m'mudzi amatopa kuonerera n'kubwerera kwawo. Masamu ake ndi apafupi: bar kuchulukitsa ndi malita pa mphindi, kugawa ndi 600, mwapeza ma kW. Bar 100 ndi malita 13 ndi 2 kW ndi kanthu kochepa. Pa Defender yanga ndinaika gear pump yokankha 20cc pa kuzungulira kumodzi kumbuyo kwa transfer box, poti ya Defender, yotchedwa LT230, ili kale ndi pomangira PTO, chotengera mphamvu ya injini kuti izungulitse pampu. Ikamazungulira 1,500 pa mphindi imakankha malita 30, ndipo pa bar 150 ndi 7.5 kW. Mukuona kusiyanako.

Koma pampu yakeyake imabwera ndi ana ake. Pafunika thanki, ine yanga ndi ya malita 30 kuseri kwa kabini, fyuluta pobwerera oyilo, ndi relief valve, yotulutsa oyilo pressure ikapitirira, yoikidwa molingana ndi zomwe zalembedwa pa mota ya winchiyo. Yopanda relief valve musailize n'komwe. Hosi yoyamwira ikhale yonenepa, yaifupi, thanki ili pamwamba pa pampu. Mukamva pampu ikulira ngati chigayo chopanda chimanga, ndiye kuti ikuyamwa mpweya, zimitsani. Oyilo ndimathira wa hydraulic wa 46 kapena 68.

Ena amaika pampu ya lamba yokhala ndi kilatchi ya magetsi, yofanana ndi ya kompuresa ya AC. Imatheka, koma lamba mmodzi wa V amaterereka akanyowa, ndipo inu mukupita kumadzi. Onaninso malita omwe mota ya winchi yanu imalola, chifukwa mukaipatsa opitirira muitentha.

MayiWaMapulojekiti

Bambo, palibe amene wakuuzani chachikulu: injini ikazima, winchi ya hydraulic yafa nayo. Nthawi ya Freddy mu 2023 tinkayenda ndi katundu wa chithandizo kumunsiko, ndipo galimoto ikamwa madzi pakati pa mtsinje, yomwe inkathandiza ndi ya magetsi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Ngati mulibe snorkel, paipi yokweza polowera mpweya wa injini, yambani ndi imeneyo.

China, ambiri amatentha mota chifukwa chokoka chingwe chikadali chodzaza pa dramu. Mphamvu yolembedwa pa winchi ndi ya mzere woyamba wa chingwe. Tulutsani chambiri, musiye chokulunga kasanu, ndipo mugule snatch block, kagudumu kodutsitsapo chingwe. Imawirikiza mphamvu kawiri, mtengo wake sufika n'komwe pa wa pampu. Mwina winchi yanu ya magetsi si yoipa monga mukuganizira.

Wa_Cruiser_Chilomoni

Zikomo nonse. Mayi, snorkel ilipo, snatch block ndiyo ndilibe, ndikaifuna ku Limbe Loweruka. Madala, za PTO ndasirira, koma thanki, fyuluta ndi pampu pamodzi thumba silifika chaka chino, ndipo kumbuyoko malo a thanki ndi a matumba a feteleza. Kuchedwa sindikudandaula nako. Ine sindili pa mpikisano, ndimangofuna kutuluka ndisanagone m'dambo. Ndiyamba ndi geji monga anenera a Sipanala. Ya magetsi ija ndikuganiza zoisamutsira kumbuyo, sindiigulitsa.

Funso lotsala: valavu ndigule ya solenoid yoyendera limoti, kapena ya chogwirira?

Sipanala_Ndirande

Ya solenoid, achimwene, kuti muziima patali ndi chingwe. Muimange pamwamba mu bonati, pomwe matope safika, ndipo koyilo yake ikhale ya 12V, poti zambiri zomwe zimapezeka kuno ndi za 24V zochotsa m'malole. Mukamaliza kulumikiza, kwezani matayala akutsogolo pa jeki, pindani chiwongolero uku ndi uku mpaka thovu litatha m'kathanki, kenako muyendetse winchi yopanda katundu muwonjezere oyilo. Mukapeza nambala ya pa geji ija mudzailembe pano.