Kodi maphunziro a sabata imodzi angamusandutse munthu kukhala mbusa?

Mkulu wa mpingo, Dedza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za maphunziro a ubusa. Mpingo wathu uli ndi mbusa mmodzi amene amayang'anira nyumba za mapemphero zambiri, ndipo ife a kunthambi timamuona makamaka pa nthawi ya mgonero, ya ubatizo ndi ya maukwati, pamene masiku ena onse a chipembedzo ndi pamaliro olalikira ndife akulu a mpingo. Mwezi watha kunabwera amishoni ochokera kunja amene anachititsa maphunziro a sabata imodzi, ndipo potsekera anapereka satifiketi kwa aliyense amene anakhala nawo mpaka tsiku lomaliza. Mwana wa mlongo wanga anapitako, ndipo wabwera akunena kuti tsopano ndi mbusa, moti wayamba kale kufunafuna kalasi ya pasukulu yoti azisonkhanitsiramo anthu. Ndikamuuza kuti abusa athu anakhala zaka zingapo kusukulu ya ubusa asanadzozedwe, iye amayankha kuti zimenezo ndi zimene azungu anatisiyira ndipo m'Baibulo mulibe. Kodi mwambo wophunzira zaka zambiri unachokera kuti, nanga ndimulangize bwanji mnyamatayu popanda kumuzimitsira changu chake?

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Akulu a mpingo, mnyamata wanuyo wanena zoona mbali imodzi, ndipo ndi bwino kumuvomereza pamenepo musanamutsutse pa zinazo. Amishoni oyamba anachedwadi kwambiri kudzoza Amalawi. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma abusa awo oyamba, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Jonathan Chirwa ndi a Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876 ndipo a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha anadzozedwa mu 1911. Kwanuko, a Dutch Reformed anakhazikika pa Mvera mu 1889, koma a Andreas Namkumba ndi a Namon Katengeza anadzozedwa mu 1925. Kwa Akatolika, wansembe woyamba wa dziko lino, bambo Cornelio Chitsulo, anadzozedwa mu 1937.

Komabe tisaganize kuti zaka zonsezo anthuwa ankazithera m'kalasi. Maphunziro enieni sankatenga nthawi yotero. Chimene chinkatalika chinali nthawi yoyesedwa munthu atamaliza kale kuphunzira, ndipo apa ndi pamene panali chilonda. A Charles Domingo anaphunzira za ubusa ku Khondowe, pa sukulu imene Dr Robert Laws anaikhazikitsa mu 1894, anapatsidwa chilolezo cholalikira, koma anadikira kudzozedwa mpaka anatopa n'kuchoka mu 1908. A Matecheta anali atagwira kale ntchito ya uphunzitsi ndi ulaliki pakati pa Angoni a ku Ntcheu kwa zaka zambiri asanawaike manja. Pomwepo a John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, anabwerako mu 1900 ali mbusa wodzozedwa ndipo anayambitsa mishoni yawo ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Zaka zitatu zinakwanira kutsidya kwa nyanja, pamene kuno anzawo ankauzidwa kuti sanakhwime. Ine ndimaona kuti kuchedwako kunali kusafuna kugawana udindo ndi munthu wakuda, ngakhale amishoniwo ankakutchula kusamala, ndipo n'chifukwa chake ena mwa ophunzira awo anzeru kwambiri anatuluka n'kukayamba mipingo yawoyawo, monga anachitira a Mwasi mu 1933.

Koma taonani kuti anthu amenewa sanadandaule kuti anaphunzira zambiri. Anadandaula kuti ataphunzira sanakhulupiriridwe. Choncho mbiri imeneyi singagwiritsidwe ntchito poikira kumbuyo satifiketi ya sabata imodzi. Mipingo itakhala m'manja mwa Amalawi sinachepetse maphunziro, koma inawalimbikitsa, ndipo mu 1977 masinodi a CCAP anatsegula pamodzi sukulu ya ubusa kuno ku Zomba, chaka chomwenso Akatolika anatsegula seminale ya St Peter's kuwonjezera pa ya Kachebere ku Mchinji.

Mbusa wa mpingo wa chipentekoste, Lilongwe

Aphunzitsi, ndathokoza chifukwa cha mbiri imeneyi, koma ndiloleni ndiyankhulireko anthu onga mnyamatayu, chifukwa inenso ndinayamba kutumikira ndisanapondeko pakhomo la sukulu ya ubusa. Masukulu ambiri odziwika amafuna satifiketi ya MSCE, amaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo amafuna kuti munthu asiye munda, geni ndi banja kwa zaka zitatu kapena zinayi. M'mipingo ikuluikulu sinodi imasankha ndi kuthandiza ophunzira ake, koma mnyamata wa mpingo waung'ono amene analekeza sukulu ali folomu 2 alibe womulipirira. Munthu wotereyu akamva kuti kwabwera maphunziro aulere, okhala ndi chakudya ndi Baibulo la mphatso, sitingamudzudzule kuti wathamangirako.

Ngakhale zili choncho, sindingamutche mbusa. Ndakhala ndikutanthauzira pa maphunziro oterewa, ndipo ndikudziwa m'mene amayendera. Mlendo amalankhula chiganizo chimodzi, wotanthauzira amabwereza, moti ola limodzi limasanduka theka. Zitsanzo zake zimakhala za kwawo, ndipo mafunso amene mbusa wa kuno amakumana nawo sabata iliyonse sakhudzidwa n'komwe. Sindinamvepo mlendo akufotokoza chochita pamene mkhristu wakale kale akubwera ndi akazi awiri kudzapempha kubwezeretsedwa, pamene anamfedwa akunong'onezana kuti malemuyo analodzedwa ndi agogo ake, kapena pamene akuchimuna akufuna kulanda katundu wa mayi wamasiye mwambo wa maliro usanathe n'komwe. Si kuti alendowo ndi oipa mtima. Ambiri ndi odzipereka ndipo amadzilipirira okha ulendo. Vuto ndi lakuti akakwera ndege palibe amene amatsala kuti aone m'mene wophunzirayo akulalikirira, m'mene akusungira chopereka, ndiponso m'mene akukhalira ndi mkazi wake.

Mnyamatayo akanena kuti m'Baibulo mulibe, muwerenge naye 1 Timoteo 3, pamene Paulo akuletsa kupereka udindo woyang'anira kwa munthu amene wangotembenuka kumene, ndi 1 Timoteo 5:22, pamene akuchenjeza za kufulumira kusanjika manja. Malemba satchula chiwerengero cha zaka, koma amafuna kuti pakhale anthu ena amene amuona munthuyo kwa nthawi ndipo angathe kumuchitira umboni. Mumufunse kuti mumpingo umene akufuna kuyambawo adzamudzudzula ndani akalakwa.

Mayi wa Mvano, Mulanje

Ine chimene chandikhudza ndi mawu amene akulu a mpingo anayamba nawo, akuti olalikira masiku ambiri ndi iwo eni. Tikukambirana za mbusa, koma anthu ochuluka m'midzi amamva Mawu kuchokera kwa akulu a mpingo, atumiki, akatekisi ndi amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Umanyano, amene ambiri mwa iwo sanaphunzitsidwepo kukonza ulaliki. Pamaliro ndi amayi amene timagona m'nyumba ya siwa, kuimba ndi kulalikira usiku wonse, abusa n'kufika m'mawa.

Njira yophunzirira munthu ali pakhomo pake ilipo, ndipo si yachilendo. Inayamba ku Guatemala mu 1963, pamene aphunzitsi a seminale ya Presbyterian anaona kuti atsogoleri enieni a mipingo yakumidzi sankatha kubwera kusukulu, ndipo anaganiza zowatengera maphunzirowo kwawo. Kuno ntchito imeneyi imagwiridwa ndi bungwe la TEEM (Theological Education by Extension in Malawi), limene linayamba mu 1978. Munthu amawerenga buku kunyumba tsiku ndi tsiku, amakumana ndi anzake pagulu kuti akambirane zimene awerenga, ndipo amapitiriza kutumikira mumpingo wake nthawi yonseyo, moti chimene waphunzira lero amachiyesa sabata yomweyo. Palinso malo ophunzitsira akhristu eni ake, monga Chilema ku Malosa ndi Namoni Katengeza ku Chongoni, kumene kuli pafupi ndi inu akulu a ku Dedza. Ndikadakhala ine, ndikadalembetsa pamodzi ndi mnyamatayo, kuti asaone ngati mukumutumiza kusukulu pofuna kumulanga.

Mkulu wa mpingo, Dedza

Zikomo nonse. Mayi, mawu anu andilasa, chifukwa ndalalikira kwa nthawi yaitali ndi Buku Lopatulika ndi kabuku kotsogolera kuwerenga Baibulo ka Mlozo basi, osadziwa kuti ku Chongoni kungakhale chondithandiza. Nkhaniyi ndikaitula kwa abusa athu pa msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo ndikapempha kuti mnyamatayu apatsidwe kalasi ya achinyamata kuti aziphunzitsa moyang'aniridwa. Abusa a ku Lilongwe, ngati iye akana n'kukayambabe mpingo wake, kodi kumbali yanu kuli abusa achikulire amene amalola kulera mnyamata amene sanachokere mumpingo wawo?