Laibulale ya ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), kodi ife akunja amatilola?

Akuluakulu a ku Mahatma Gandhi Campus ndithandizeniko apa. Ine ndine clinical officer pa health centre ina konkuno ku Blantyre, ndikulemba proposal ya kafukufuku wa BP mwa amayi oyembekezera yoti ipite ku COMREC, komiti yovomereza kafukufuku, koma gawo la literature review landiima pakhosi zedi. Pa PubMed, webusaiti yofufuzira mapepala a zachipatala, ma abstract ndikumawaona bwinobwino, ukangodina kuti uwerenge pepala lonse basi akuti lipira madola, ndi kwacha yathuyi aaa ayi ndithu. Malawi Medical Journal yokha ndi imene ndikuwerenga mwaulere koma munthu sungalembe review yonse ndi jenalo imodzi.

Ndiye funso langa, laibulale yanuyo amalola munthu yemwe si student kapena staff kulowa n'kukhala pansi kuwerenga, kapena pamafunika kalata yochoka kuntchito? Ngati pali ndalama ya umembala ndi zingati ndipo amalipira pati? Chachikulu chomwe ndikufuna ndi Hinari ija ya WHO yowerengera majenalo a zaumoyo mwaulere kapena motchipa, paja amalembetsa ndi masukulu ndi zipatala osati munthu payekha, ndiye kodi ndingaigwiritse ntchito pa makompyuta a m'laibulalemo?

Komanso ma dissertation akale a nthawi ya College of Medicine isanakhale KUHeS, a MPH (Master of Public Health) makamaka, ali pa shelefu kapena anawaika pa intaneti? Maphunziro a Zotero kapena Mendeley, mapulogalamu osanjira ma reference, akamachitika mundiuzeko, ma reference ndikumalemba pamanja mpaka mutu kuwawa.

Loweruka amatseka nthawi yanji? Mkati mwa sabata ndimaweruka mochedwa, pofika pa Ginnery Corner ndi minibasi kumakhala kwada kale.