Kodi bonya ndi mazira zingalowe m'malo mwa nyama kwa mwana?

Amayi ndi abambo, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Ndirande ndipo ndili ndi mwana wa chaka ndi theka. Ku sikelo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zipatso, zanyemba, zamafuta ndi zanyama. Gulu lomalizali ndi limene likundisowetsa tulo, chifukwa nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yakwera mtengo moti kwathu timaigula pakutha pa mwezi pokha, bambo ake akalandira.

Masiku ambiri ndiwo zathu ndi bonya, usipa kapena mazira. Ndikudziwa kuti nsomba, mazira, mkaka, ngakhale ngumbi za m'dzinja, zonse zili m'gulu lomweli. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nkhani ya magazi. Ayironi wa m'chiwindi ndi m'nyama yofiira thupi limamulandira mosavuta kuposa wa m'masamba. Nanga bonya wosinja amene ndimathira m'phala lake akukwanira, kapena ndiziyesetsa kupeza kachiwindi kamodzi pa sabata?

Chinanso ndi soya pieces. Apongozi anga amati imeneyo ndi nyama ndithu, ine ndimaiwerengera ku zanyemba. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene muli muno, chonde tiuzeni zoona zake.